Makope a Wowerenga Mamita

4 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga, komanso kuti bondo la Bambo lawapatsako mpata. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Foni yanu ndayimba mpaka chala kutopa, kenako Adalaivala a lole ya simenti andiuza kuti inagwera m'chitini cha penti. Inu simudzasintha. Ndiye ndabwerera ku cholembera ndi pepala, ndipo kalatayi ndapatsira Adalaivala omwewo.

Mukudziwa kuti zaka ziwiri izi takhala tikupanga gemu ya pakompyuta. Tilipo asanu ndi mmodzi, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya matayala, fani imodzi tonse. Ntchito yanga ndi kumanga dziko la m'gemumo: misewu, mipanda, nyumba, ngalande. Ndi mtundu uja amati gemu ya dziko lotseguka. Tanthauzo lake n'lakuti wosewera sauzidwa kuti yamba apa, ukatha upite apo. Amangolowa n'kumayenda kumene mtima wake wafuna. Yathuyi ilibe ngakhale muvi wolozera njira. Umafika ngati mlendo, umapatsa anthu moni, ndipo akakuzolowera amakulola kudutsa pabwalo pawo.

Kampani ina yaikulu inavomera kutigulitsira gemuyi kunja. Sabata yatha tinatulutsa kakanema koonetsa anthu, ndipo m'pamene panabuka moto. Munthu wina pa intaneti waika mapu anga pambali pa mapu a gemu ina yakunja yomwe inatuluka zaka zisanu zapitazo. Uku mtsinje wokhota, uko mtsinje wokhota. Uku njanji, uko njanji. Pansi pake walemba mawu amodzi: wakuba. Anthu atengerana ngati moto wa m'tchire.

Kampani ija yatitumizira mayi wina woti afufuze. Ife tamupatsa dzina loti Amayi a Mafunso, chifukwa ngakhale moni wawo umatha ndi funso lina. Andiuza kuti pofika pa 8 Epulo ndikhale nditaonetsa kumene dziko langa linachokera. Ndikalephera, dzina langa lichotsedwa pa gemuyi, ndipo zomwe ndamanga azipereka kwa wina kuti agwetse n'kuyambanso.

Kwa inu sindinama. Gemu yakunjayo ndinaisewera chaka chathunthu ndipo ndinaikonda. Inandiphunzitsa kuti wosewera ungamusiye yekha osamugwira dzanja. Koma njira zanga sizinachokere kumeneko. Zinachokera m'makope aja Bambo ankajambulamo mapu pamene ankawerenga mamita a madzi. Mukukumbukira ndinkawaba n'kumawawerenga kuseri kwa chitseko mpaka kuwaloweza? Mtsinje wokhota uja ndi wathu womwe uja munatayamo nsapato.

Chonde tsegulani sutikesi ya pansi pa bedi la Bambo, mutenge makopewo munditumizire. Ndikufuna ndikawaonetse kwa akuluakuluwa. Bambo musawauze, mukudziwa mtima wawo ukathamanga.

Ndine mlongo wanu,
Mzime

11 Malichi

Mzime mlongo wanga,

Moni wako wafika ndipo tonse tili bwino. Alamu ako akuti unenepeko, pachithunzi chija ukuoneka ngati chogwirira cha tsache. Bondo la Bambo likadali lomwe lija, koma pakamwa pali bwinobwino.

Za foni usandiseke. Ndinali pamakwerero ndikulemba chikwangwani cha ometa tsitsi, foni ili m'thumba la malaya, ndiye ndinawerama. Penti yake inali yofiira, ya mafuta. Ukaiona ungalire.

Nkhani yako yandipweteka kwambiri. Mwana wa m'nyumba muno kutchedwa wakuba! Amene walemba zimenezo akanakhala pafupi ndikanamulemba dzina pamphumi ndi penti yosachoka. Komabe zina sindikuzimvetsa. Ukuti dziko lotseguka, nanga lathu lino analitseka ndani? Ine ndimadzuka n'kupita kumene ndafuna, palibe amandipatsa muvi. Anthu a m'tauni mumagulitsana zinthu zomwe kuno n'zaulere.

Makope ndawapeza. Ndinadikira Bambo atapita kukakhala pakhonde la atelala, ndinakoka sutikesi ija. Alipo asanu ndi awiri. Koma mlongo wanga, ali ndi chisoni. Chiswe chadya m'mbali, mphemvu zaikiramo mazira, tsamba lina lili ndi chidindo cha kapu ya tiyi. Mizere ya Bambo ndi yokhotakhota ngati anajambula ali panjinga. Ndiye zolemba zawo! Pena alemba kuti "galu woluma," pena "galu wongouwa," pena "lata lachitatu n'lomasuka." Pa nyumba ya mayi wina alemba kuti "wokonda nkhani, dutsa msanga." Ndinaseka ndekha mpaka alamu ako kubwera kudzaona.

Ukuti ukaonetse zimenezi kwa anthu ovala mataye? Usade nkhawa. Ndipatse masiku ochepa okha. Uli ndi mchimwene wodziwa ntchito ya manja, ndipo sindingalole kuti ukachite manyazi pamaso pa alendo.

Ndine,
Mchimwene wako

13 Malichi

Achimwene,

Moni nonse. Ndikulemba ndili chiimirire, Adalaivala akuliza hutala panja.

Mawu anu omaliza aja andisowetsa mtendere. Masiku ochepa a chiyani? Chonde, chonde, musakonze kanthu. Musafufute, musamate, musapukute ngakhale mazira a mphemvuwo. Chomwe ndikufuna ndi ukalamba wa makopewo. Chiswe chimenecho ndiye mboni yanga, chifukwa chikuonetsa kuti mapuwo analipo gemu yakunja ija isanabadwe. Akulungeni m'pulasitiki momwe alilimo, muwapatse Adalaivala.

Kuno zinthu zikungowonjezereka. Dzulo Amayi a Mafunso anasewera gemu yathu ola lathunthu, kenako anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Mukuti dziko lotseguka, nanga bwanji mageti onsewa ndi otseka?" Ndinayankha kuti amatseguka ukadziwana ndi eni ake. Iwo akuti kwa ogula ambiri lotseguka ndi lomwe ulowa paliponse tsiku loyamba lomwelo. Tinakangana mpaka tiyi kuzizira. Ndiye taonani, ena akuti ndinaba, ena akuti chomwe ndinabacho sindinachimvetse n'komwe.

Sindikukhazikika. Ndikakhala pampando ndimafuna kuima, ndikaima ndimafuna kutuluka. Tumizani msanga.

Mzime

22 Malichi

Mzime,

Landira moni ndi katundu wako. Ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa, chifukwa Adalaivala athu aja akuti abwana awo awatumiza njira ina kukatenga njerwa, ndipo sitinawaone sabata ndi theka. Ngati unawapatsa kalata, ikadali m'lole.

Tsegula bwinobwino, usagwire ndi manja onyowa. Masiku asanu ndi anayi ndakana ntchito ziwiri, ya pachigayo ndi ya sitolo ya mankhwala, kuti ndichite zako zokha. Ndinagula pepala lalikulu lolimba lija timalembapo zikwangwani za misonkhano. Makope onse asanu ndi awiri ndawaphatikiza kukhala mapu amodzi. Misewu ndaiwongola ndi rula. Mtsinje ndaupaka buluu, njanji yakuda, nyumba zachikasu. Alamu ako ataona anati zikuoneka ngati za ku ofesi ya boma.

Sindinangokopera ngati mwana wa sukulu ayi, ndakonzanso zolakwika. Ndinayenda ndekha dera lonse kuona momwe zilili lero. Mpata uja wa pampanda wa akalipentala anautseka ndi njerwa kalekale, ndiye ndauchotsa. Bala ija pano ndi tchalitchi. Tinjira tambiri ta Bambo todutsa m'mabwalo a anthu ndatisiya, chifukwa munthu wolemekezeka akaona angaganize kuti bambo athu ankalowa m'makomo mwa eni ngati mbala. Za agalu ndi za mayi wokonda nkhani uja ndachotsanso. Mayiyo ali moyo, ndipo mdzukulu wake ndi wapolisi.

Pansi kudzanja lamanja ndasaina ndi kulemba tsiku lomaliza ntchito, monga ndimachitira pa chikwangwani chilichonse. Ndaikanso nambala yanga, foni ikadzachira. Mwina mwa akuluakuluwo wina angafune chikwangwani.

Ukawaonetse mutu uli m'mwamba. Undiuze zomwe anene.

Mchimwene wako

27 Malichi

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino basi.

Katundu wanu anafikira ku ofesi, ine nditatsika kukagula madzi. Abwana athu ndi munthu wa phuma. Ataona dzina langa pa mpukutuwo anaitana aliyense, ndi Amayi a Mafunso omwe, amvekere, "Umboni uja wafika!" Pamene ndinkalowa n'kuti atautambasula kale patebulo, atatsikiza ngodya zake ndi makapu. Chipinda chonse chinali kununkha penti.

Amayi aja anayendetsa chala pa misewu yanu yowongoka, kenako anayang'ana pa sikirini pomwe panali njira zanga zokhotakhota. Sizikufanana ngakhale pang'ono. Tinjira tomwe gemu yanga yonse yatsamirapo ndi tomwe inu mwachotsa. Atafika pangodya ya kumanja anawerenga mokweza: 20 Malichi. Anandifunsa mofatsa kuti, "Ndiye mapuwa mwalembetsa nditakufunsani kale?" Wamagalasi, mnzanga amene amalemba malamulo a gemuyi m'kompyuta, anayesa kundithandiza, koma nayenso anasowa poyambira.

Poyamba ndinali woganiziridwa kuba. Tsopano ndine wopeka umboni. Abwana andipempha kuti ndiyambe ndakhala kunyumba mpaka pa 8, ndipo andilanda kiyi ya ofesi. Zaka ziwiri ndakhala ndikutsegula chitseko chimenecho m'mawa uliwonse ndisanadye kanthu.

Kunyumba sindikukhalako. Ndimatuluka m'mawa n'kumangoyenda, kudutsa pamsika, kuzungulira kudepoti, kubwerera, kuyambanso. Dzulo ndinapezeka ndaima kutsidya kwa msewu moyang'anana ndi sitolo ya matayala, ndikuyang'ana windo lathu ngati munthu wothamangitsidwa pa ukwati. Ndakwiya nanu, Achimwene, ndipo sindibisa. Ndinakupemphani makope, simunandipatse makope. Ndani anakutumani kuwongola njira za Bambo? Munayendamo inu?

Ndikudziwa munachita mwa chikondi, ndipo n'chifukwa chake zikupweteka kwambiri. Masiku akadalipo khumi ndi awiri. Tumizani makope enieniwo lero lomwe, ndi chiswe chake chomwe. Mupatse kondakitala yemweyo.

Mzime

2 Epulo

Mlongo wanga,

Makalata ako awiri afika tsiku limodzi. Ya pa 13 ija Adalaivala abwera nayo dzulo, yapindika, ili ndi fumbi la njerwa. Ndaiwerenga katatu nditakhala pa chitini. Ikanafika nthawi yake, bwenzi zonsezi kulibe.

Sindikudziwa ndiyambire pati. Makope kulibe.

Ukudziwa mmene timagwirira ntchito ife. Chikwangwani chatsopano chikakwera, chakale sichigona pamalopo, chifukwa chimasokoneza makasitomala. Umachipala kapena umachiwaza nkhuni. Dzanja linazolowera zimenezo zaka makumi awiri. Nditamaliza mapu aja ndinaona makopewo ali mbwee pansi, mphemvu zikutuluka kulowera ku kabati ya alamu ako. Ndinati ntchito yawo yatha, zonse zili papepala labwino. Ndinawasesa pamodzi ndi nsanza za penti n'kukatentha kudzala. Ndinaimirira pomwepo mpaka anatheratu, kuopa kuti moto ungagwire mpanda.

Lero m'mawa ndinakafukula phulusalo ndi kamtengo. Ndapeza mawaya awiri a pakati pa kope, basi.

Unditukwane mmene ungathere, ndilibe poyankha. Ndimadzitcha wodziwa ntchito ya manja, koma manja omwewa akuphera ntchito. Chakudya sichikulowa. Ndinaganiza zobwera ndekha kudzawauza akuluakuluwo kuti wolakwa ndine, koma ndani angamvere munthu amene dzina lake lili pangodya ya pepala lomwe lija?

China n'chakuti Bambo adziwa. Amafuna kadi yawo ya kuchipatala m'sutikesi muja, ndiye anapeza mopepuka. Sanakalipe. Anandiuza kuti ndiwawerengere makalata ako onse kuyambira yoyamba, ndipo ndinawerenga. Atamva anangoti, "Ndipatse cholembera." Kalata yawo ndi iyi ndaika mkatimu. Sindinaiwerenge.

Ndine wolakwa,
Mchimwene wako

2 Epulo

Mwana wanga,

Ndili bwino. Bondo ndi bondo.

Wandilakwira kamodzi: unauza mchimwene wako kuti andibisire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo makope anali anga. Ukanandifunsa ine, bwenzi nditakutumizira tsiku lomwelo.

Mchimwene wako wandilakwira kawiri: watentha makope, ndiponso wawongola njira zanga. Chachiwiricho ndiye chandiwawa. Njira ija sinakhote chifukwa dzanja langa linkanjenjemera. Inakhota chifukwa pakati pake panali dzenje la zinyalala ndi galu wa abusa. Koma musiye, akudzilanga yekha mokwanira.

Sindikudziwa kuti gemu n'chiyani. Ndamva kuti muli dera lathu mmene linalili ndikugwira ntchito, ndi kuti anthu akuti unaba kwa azungu. Ndinayenda m'dera limenelo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mamita mazana anayi mwezi uliwonse. Makope ndinkalembera anzanga ondigwirizira ndikadwala. Ine sindinkawatsegula. Chomwe chapsa ndi kope, mwini wake ndilipo.

Ndifika Lachiwiri pa 7 Epulo, basi ya m'mawa. Udzandichingamire, masitepe a basi ndi aatali. Uwauze amayi ofunsawo kuti akonze mafunso okwanira. Ndipo usiye kuyendayenda m'misewu ngati nkhuku yofuna poikira, udzatha nsapato.

Bambo ako

9 Epulo

Mwana wanga wachisamba,

Ndafika bwino. Mlongo wako ndamupeza wawonda, koma ali moyo. Ndikulembera iwe chifukwa ndikudziwa kuti sukudya, ndipo mkazi wako watopa kukuwiritsira madzi a tiyi osamwedwa.

Dzulo tinapita ku ntchito kwake. Masitepe makumi awiri ndi atatu, ndinawerenga. Kachipinda kake n'kotentha, mawaya ali paliponse ngati mpanda wa nkhuku. Abwana ake anandilandira mwaulemu koma maso ali kwina. Amayi ofunsa aja ndi munthu wabwinobwino, wa msinkhu wa mkazi wako, ali ndi kabuku m'manja. Anandifunsa ngati ndabweretsa makope. Ndinati anapsa. Anafunsa kuti ndiye ndabweretsa chiyani. Ndinati ndabwera ndekha.

Ndinawapempha kuti anditembenuzire mpando, ndifulatire sikirini yawoyo. Mnyamata wamkulu wa magalasi uja, mnzake wa mlongo wako, anagwira karimoti koyendetsera munthu wa m'gemumo. Ndinauza amayiwo kuti asankhe okha poyambira ndi pothera. Anasankha kuchokera pachigayo kukafika pageti la chipatala. Anati anthu awo oyesa gemu, amene aisewera miyezi, amatenga mphindi zisanu ndi zinayi.

Ndinatsinzina n'kuyamba. Ndinati tuluka pachigayo, usatsate msewu, khotera kumanzere kuseri kwa chimbudzi. Pali mpanda wa malata, kankha lachitatu. Ndinamva kulira kwa lata kuchokera m'makinamo, ndipo wina kumbuyo kwanga anati, "Aa!" Ndinati tsopano usathamange, galu wa apa amaluma wothamanga yekha. Ukatuluka upeza mayi atakhala pakhonde, umupatse moni koma usamufunse za mwana wake, tingagone pompo. Chipinda chonse chinaseka, ndi amayi ofunsa omwe. Tinadutsa kwa akalipentala pa mpata uja iwe unauchotsa pa mapu ako, tinaoloka ngalande pa thabwa, tinatulukira kuseri kwa chipatala. Mphindi zinayi ndi theka.

Amayiwo sanakhutire msanga, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Anasankha ulendo wina, kenako wina. Kenako ananong'oneza wamagalasi kuti aike gemu ya azungu ija osandiuza, aone. Ndinalamula kumanzere, kumanja, kankha lata. Wamagalasi anati, "Bambo, kuno kulibe lata, ndipo mwatigwetsera mumtsinje." Ndinati ndiye kumeneko si kwathu.

Apa ndinaganiza kuti nkhani yatha. Abwana anali akumwetulira kale. Koma amayi aja analemba m'kabuku kawo nthawi yaitali, kenako anati, "Ndavomera, sanabe kwa akunja. Koma ndiye kuti dzikoli analipanga ndi bambowa. Mwana wawo wangolisamutsira m'kompyuta. Pa mapepala athu timalemba dzina la amene anapanga."

Ndinatembenuka kuyang'ana mlongo wako. Anali ataima pafupi ndi windo, akupotokola chingwe cha chikwama chake. Ndinamva chisoni kwambiri. Ndinabwera kudzamuchotsa m'kamwa mwa ng'ona, ndipo ndinali pafupi kumumeza ndekha.

Ndinapempha kuti anditembenuze ndione chinthucho ndi maso anga. Mwana wanga, ndinaona chigayo chathu, ndi mtengo uja unagwa chaka cha mvula yambiri uli chiimire. Anandipatsa karimoti kaja n'kundionetsa pokankha. Ndinafunsa mlongo wako kuti ndipite kuti.

Anati, "Kulikonse, Bambo."

Ndinati, "Wandituma ndani?"

Anati, "Palibe."

Chala changa chinaima pa batani. Zaka zonse zija sindinayendepo m'dera limenelo popanda wondituma. M'mawa ankandipatsa mndandanda, ndipo mapazi ankatsata mamita. Njira zachidule ndinazipeza chifukwa chothamangira kumaliza, osati chifukwa chokonda kuona malo.

Ndiye ndinayang'ana kumtunda, kuseri kwa thanki yaikulu ya madzi, kuphiri kuja. Mapaipi sankafikako, choncho ine sindinakwereko ngakhale kamodzi. M'makope mwanga tsamba la kumeneko ndinangolemba kuti "kulibe mamita." Ndinalunjika komweko, ndikuwomba mipanda ngati woledzera, ndikuyembekeza kuti ndikafika pathanki chithunzi chithera pomwepo.

Sichinathe. Kuseri kwa thanki kuli njira yokwera, ya miyala. Kuli nyumba, kuli mayi akuyanika zovala amene anandiyankha moni monyinyirika chifukwa sakundidziwa. Kuli mphambano ya njira zitatu. Ndinatenga ya pakati, inandibweza pomwe ndinachokera. Ndinatenga ya kumanja, ndinapezeka m'munda mwa munthu, mbuzi zikundiyang'ana. Ine amene ndangodutsa dera lonse nditatsinzina, ndinazungulira mphindi makumi awiri maso ali tong'o, thukuta lili kamukamu. Ndinasochera, mwana wanga. Ndipo ndikuuze zoona, zinandikoma.

Ndinaika karimoti pansi n'kuuza amayi aja kuti atsegulenso kabuku kawo. Ndinati lembani izi. Kumunsi kuja ndinayenda ine, koma ndinkayenda motumidwa, ngati bulu wa pangolo. Amene wachotsa wotuma ndi uyu. Amene wamanga kumene ndasocheraku ndi uyu. Kwa ine watenga njira, kwa azungu akuti watenga nzeru yosiya munthu ayende yekha, ndipo sakubisa. Nanga inu amayi, kalembedwe kanuko munabadwa nako? Sanakuphunzitseni munthu? Koma kabukuko timati n'ka ndani?

Anandiyang'ana, kenako anafunsa funso lawo lija la mageti, lakuti dziko lotseguka likhala bwanji ndi mageti otseka. Ndinati malo opanda geti ndi bwalo la mpira, ndipo palibe amapitako kukacheza. Ine ndagogoda pa mageti mazana anayi mwezi ndi mwezi. Kotseguka ndi kumene kuli geti, ndipo kuseri kwake kuli munthu amene angakutsegulire ukakhala ndi khalidwe. Sindikudziwa ngati anagwirizana nazo. Anangoti ogula adzaweruza okha, koma analemba.

Dzina la mlongo wako likhala pomwe linali. Abwana amubwezera kiyi pamaso panga. Iye sanalire m'chipindamo, anadikira mpaka pa sitepe yachisanu potsika, ndipo malaya anga anyowa phewa lonse. Akuti dzina langa aliika kumapeto, pa mndandanda wa othokozedwa. Ndawauza alembe kuti wowerenga mamita, anthu a kwathu adziwa.

Mapu ako aja awapachika kukhoma, pamwamba pa fani. Wamagalasi akuti ndi okongola, ndipo mwini sitolo ya matayala wafunsa nambala yako. Mlongo wako akuti akulembera mkwiyo ukatsika, mwina sabata ya mawa. Iwe idya. Koma m'chipinda mwanga usalowenso ndi tsache.

Loweruka usandidikire pa siteji. Ndikadali kuphiri kuja, njira yotsikira sindinaipeze, ndipo mlongo wako akukana kundiuza.

Bambo ako